Dotara Zodulidwa Mchira

Lyari, Karachi
M'nyengo ya mphepo

Kwa Washdil, mwana wa bambo anga,

Mtendere wa Mulungu ukhale pa nyumba yako. Ndikufunsa za moyo wako, wa mkazi wako Durbibi, ndi wa ana onse. Ndinamva kuti chifuwa chimene chinakugwira m'nyengo yozizira chinakusiya, ndipo ndinathokoza. Ine ndilipo. Mawondo ndi omwe aja, diso lakumanzere layamba kuona ngati pali utsi, koma ndimadzuka ndekha ndipo kumzikiti ndimafika popanda wondigwira mkono.

Kalata iyi uwerenge wekha, pamalo pa wekha. Unakhalitsa m'kalasi kundiposa, choncho sufunika mwana wokuwerengera. Ndalemba pang'onopang'ono chifukwa dzanja langa linazolowera chingwe cha mbedza, ndipo palibe mawu amene ndalemba mwangozi.

Za kuno ndi zochepa. Madzi a pampopi amabwera tsiku limene akonda, magetsi chimodzimodzi. Boma latseka nyanja kwa maboti akuluakulu mpaka mphepo itatha, motero mwana wanga Bijjar ali pakhomo, akungotsatira mthunzi. Mkazi wake Granaz ndi woyembekezera, masiku ake ayandikira. Ine ntchito yosoka maukonde kudoko yandichulukira, poti ino ndiyo nyengo yake. Mvula inagwa, ngalande zinasefukira, ndipo tinayenda m'zonyansa za mzinda wonse. Za m'tauni zathera pomwepa.

Dilmurad wa lole anafika ndi phukusi lako la nsomba. Anandipatsanso mawu ako, ndipo ndiwabwereza kuti uone ngati anawafikitsa onse. Akuti mlongo wake wa Mahganj, mkazi wa malemu mng'ono wathu Ganjdad, wabwera kuchokera kumtunda ku Kech, ndipo akufuna kutenga Mahganj ndi ana ake aakazi atatu chikondwerero cha Idi chikangodutsa. Akuti iwe ukuona kuti n'kwabwino apite, chifukwa anawo akuwonda ndipo kumtunda kuli zipatso za tende ndi tirigu. Akuti nyumba ya Ganjdad isakhale yopanda moto, alowemo mwana wako Lashkari ndi mkwatibwi wake. Ndipo akuti popeza ndine wamkulu, ukudikira mawu anga.

Ndinamuuza Dilmurad kuti nkhani ya nyumba siyankhidwa ndi njala, tiyambe tadya.

Sindibisa, phukusilo linandikondweretsa. Dotara zouma za kwathu ku Shalkor, zikuluzikulu, zong'ambidwa kumsana monga timachitira, mchere wake wokwanira. Fungo lake litadzaza m'nyumba ndinaona Thanthwe la Ngamila, lija timaponyerapo zingwe, ngati ndaimapo. Ndinauza Bijjar kuti bambo ake aang'ono sanaiwale mkulu wawo. Mawu amenewo ndinawanena ndi pakamwa panga, pamaso pa mlendo, ndipo sindingawamezenso.

Granaz anaviika imodzi, naiphika ndi bwemba ndi tsabola, yodyera mpunga. Amadziwa kuti ine ndimadya kumchira, ndiye anandiikira chidutswa chimenecho. Dilmurad anaseka, nati: "Amalume, zaka zonsezi m'tauni mudakalimbirana michira ndi amphaka? Mutu ndi uwu apa, wa akuluakulu." Ndinamuyankha kuti mphaka sanalakwitsepo posankha nsomba, ndiponso kuti atseke pakamwa ndi mpunga.

Nditatembenuza chidutswacho ndinaona mchira. Nsonga ya pamwamba panalibe. Khoswe akadya mchira amasiya manomano. Apa panadutsa mpeni, kamodzi, mopendeka.

Ndinabweza nsombayo m'mbale. Ndinasamba m'manja. Ndinamasula phukusi lonse n'kuyala dotara zako pamphasa, michira kuloza kwa ine. Zodulidwa zinachuluka kuposa zathunthu.

Bijjar anafunsa ngati zawola. Anachoka ku Shalkor asanadziwe kumanga mbedza, choncho sindimuimba mlandu. Dilmurad anasiya kutafuna, nayamba kuyang'anitsitsa ming'alu ya pakhoma.

Ndinachita kumufotokozera mwana wanga, ndipo ndikufotokozera iwenso, poti zikuoneka kuti nawe unakulira m'tauni.

Mphepo ikayamba, maboti amakokeredwa kumtunda ndipo mudzi umadya za pathanthwe. Mwamuna aliyense ali ndi malo ake oponyerapo. Akamwalira, chingwe chake sichipachikidwa. Mbale wake amachiponya pambali pa chake. Nsomba imene yameza nyambo ya chingwe chimenecho ndi ya mkazi wamasiye. Ukaivuula, idakali kukukuta mano pathanthwe monga dotara imachitira, umadula nsonga ya mchira, kuiponya m'nyanja ndi kutchula dzina la mwini chingwe, kuti nsombayo isasokonezeke ndi zako m'dengu. Kenako umakaisiya pa mwala wa pakhomo pa mkaziyo. Sugogoda, supereka moni. Iye sathokoza, chifukwa mkazi sathokoza mwamuna wake pa ndiwo. Safunsanso ikasowa, chifukwa kufunsa n'kulengeza kuti mwamuna wake wabwera chimanjamanja. Zimatero mpaka mwana wamwamuna atakula n'kugwira chingwecho, kapena ana aakazi atakwatiwa.

Bijjar anati, ngati palibe wogogoda ndipo palibe wofunsa, amadziwa ndani kuti nsomba yafika? Ndinamuuza kuti makolo sanaikepo mlonda chifukwa sanaganize kuti mudzi ungabale munthu wofunika mlonda.

Iwe sukumbukira, koma ine ndikukumbukira. Bambo atamira, iwe unali kumsana, Ganjdad ali m'mimba. Bambo athu aang'ono, a Miran, anali ndi ana awoawo ndi mwendo wopunduka, koma mwala wa pakhomo pa amayi sunaume. Mamba ankamatirira pamenepo mpaka mwalawo kunyezimira, ndipo amphaka a mudzi wonse ankagona pakhomo pathu. Amayi ankakupatsani inu ang'ono mnofu wa pakati, ine mchira. Ndi kumene ndinazolowerera. Mchira wodulidwa ndinaudziwa ndi lilime ndisanaudziwe ndi maso. Mafupa amene amakuimiritsa pathanthwe lero anamangidwa ndi nsomba zoterozo.

Ichi chokha uyenera kuchikumbukira, chifukwa unali ndi ndevu kale. Titaika Ganjdad m'manda, ndinati ndisiye Karachi ndikhale ku Shalkor, ndiziponya chingwe chake. Iwe unalanda thabwa lokulungirapo chingwelo m'manja mwanga, pamaso pa amuna onse, n'kunena kuti: "Achimwene, bwererani kwa mwana wanu. Ine ndili moyo mlamu sadzagula ndiwo." Amuna anagwedeza mitu. Ine ndinakwera lole mtima uli m'malo. Unanena zoona pa chimodzi: ndiwo sanagulepo. Alibe chogulira.

Sindinafune kuweruza ndi mchira wokha. Ndinakwera ndi Dilmurad padenga n'kumufunsa zimene amaona. Anayamba kuzemba, nati: "Amalume, ine ndine wa lole, maso anga amakhala pamsewu." Ndinamukumbutsa kuti msewuwo umadutsa pakhomo pa Mahganj. Anati ali ndi ana, ndipo katundu wako ndi amene amadzaza mbali yaikulu ya lole. Ndinamuuza kuti mpunga umene uli m'mimba mwake watsikira ndiwo za ana amasiye, choncho mlanduwu walowa kale m'thupi mwake, kuli bwino autulutsire pakamwa. Apo anayankhula.

Akuti pathanthwe palibe wosunga mwambo ngati iwe. Chingwe cha Ganjdad chikagwira, umakweza nsomba m'mwamba kuti a kumapeto aone, mpeni umayamba waunola pamwala, ndipo dzina la mng'ono wathu umalitchula mokweza moti mafunde salimeza. Akuti mulla, wotsogolera mapemphero, anakutchulapo mumzikiti Lachisanu lina monga chitsanzo kwa achinyamata. Akuti ukatsika pathanthwe umalowera njira ya kuseri kwa zisakasa za maukonde, imene imagawikana pawiri, ina kwa Mahganj ina kwako, ndipo kumeneko palibe amene amakuperekeza ndi maso.

Akuti pa mwala wa Mahganj pamagona mbuzi. Palibe mamba, palibe ntchentche. Amphaka anasamuka, ali kuseri kwa nyumba yako. Mwa apo ndi apo pamapezeka kansomba konga chala, ka mtundu umene timadulira nyambo.

Akuti matumba a nsomba zouma amene wakhala ukumupatsira kumsika, chaka chino ndi chatha, anali a nsomba zopanda michira n'komwe. Wogula wa kuno anamuseka, nati: "Kodi ku Shalkor dotara zayamba kusambira ndi makutu?" Dilmurad atakufunsa, unati mchira umachedwetsa kuuma. Ndayanika nsomba moyo wanga wonse. Mchira ndi umene umayamba kuuma.

Za mlamu, akuti amasoka maluwa pa madiresi a anthu mpaka maso atafiira. Ana awiri aakulu amakumba nkhono nyanja ikaphwa, wamng'ono akuwagwirira chitini. Amayi anzake akamufunsa kuchitsime, iye amangoti Ganjdad chaka chino nyanja yamukana.

Wamva, Washdil? Mkazi uja akunamizira mwamuna wake wakufa kuti ndi msodzi wolephera, pofuna kuti asatchule iwe. Ganjdad amene ankamva ndi chala dotara ikununkhiza nyambo isanaigwire. Ganjdad amene ankalekerera chingwe chiziyenda mpaka nsomba itameza, pamene iwe unkakoka msanga n'kubweza mbedza yopanda kanthu, iye n'kumakuseka kuti ukudyetsa nsomba za Mulungu mwaulere. Masiku amene tonse tinkatsika opanda kanthu, iye ankakhalira, akudikira kuti madzi adzadze ndi kuvunduka, ndipo ankabwera ndi ziwiri zikulira m'dengu. Imodzi inkapita kwako. Wamulanda nsomba, wamulandanso dzina.

Mbiri yako yafika ndi kuno komwe. Pamalo omwera tiyi pamene timakumana ife a kunyanja, mkulu wina wa kwathu anandigwira phewa dzana, nati: "Pirdad, amayi ako anabala. Ife ang'ono athu sangatisungire ndi mphika womwe, koma wako akulera nyumba ziwiri." Anandigulira tiyi chifukwa cha iwe. Ndinamwa, poti kukana kukanafuna chifukwa. Sindinamwepo tiyi wowawa chotero.

Ndikudziwa zimene unganene, ndipo ndikuyankhiratu kuti usavutike kulemba. Uti ana ndi aakazi okhaokha, wamng'ono sanayambe ndi sukulu yomwe, ndiye chingwecho uchiponya zaka zambiri. N'zoona. Uti nsomba zachepa chifukwa cha maboti a makoka amene amasesa mpaka kugombe, pakhomo pako pali pakamwa pambiri, ndipo ukwati wa Lashkari ukubwera. N'zoonanso. Koma chingwe chikalemera pali njira yake. Umaima pathanthwe n'kuuza amuna kuti chakukanika. Iwo amachilandira mosinthana, ndipo kuseka kwawo sikufika mawa. Ukanathanso kunditumizira mawu ine. Iwe unasankha kudya kuwiri: ulemu pathanthwe, nsomba kunyumba.

Chikanathera pamenepo ndikanachitcha umbombo, ndipo umbombo ndi nthenda ya anthu ambiri. Koma mawu amene unatuma Dilmurad andionetsa china. Unaumitsa mwala uja kuti mlamu atope, mlongo wake amve chisoni, nyumba itsale. Kenako wanditumizira nsomba za anawo kuti ndidye, ndikhute, ndivomere kuti anawo akuwonda. Unafuna kuti dzanja langa lilowe m'mbale imodzi ndi lako. Lalowa. Ndinali nditameza kale ndisanaone mchira, ndipo mpongozi wanga wadyetsa nsombayo mwana amene sanabadwe.

Granaz atamva zonse anatenga mphika n'kukaukwecha ndi phulusa kunja, nthawi yaitali, ngakhale madzi tsikulo anali ochita kupempha. Anafunsa Bijjar ngati ku Shalkor chingwe chake angadzachiponye munthu, iye atapanda kubwerako kunyanja tsiku lina. Bijjar anayang'ana ine. Funso limenelo ndikuliika pa iwe.

Za m'mene nsomba zodulidwa zinalowera m'phukusi la mphatso, ndaziganizira. Mphatso timatumiza yathunthu, mutu ndi mchira, ndiye sikukanatheka kuzichotsa michira monga za kumsika. Ndikukhulupirira kuti unauza Durbibi asankhe zazikulu, ndipo zazikulu zinali za chingwe cha Ganjdad, poti malo ake ndi amene ayang'anizana ndi dzenje limene dotara zimafukulamo nkhanu. Durbibi ndi mwana wa kumtunda, wa m'minda ya tende. Kaya sanayang'ane michira, kaya anayang'anitsitsa, sindidziwa ndipo sindifuna kudziwa. Usamufunse ndi mawu, usamufunse ndi dzanja. Ndikamva kuti walira chifukwa cha phukusi ili, udzakhala mlandu wachiwiri.

Imene tinadya ija ndabweza. Kutacha ndinapita kumsika wa kudoko kukafuna dotara yaiwisi ya msinkhu womwewo. M'nyengo ino n'zosowa, ndipo wogulitsa anatchula mtengo wa mbuzi. Ndinamufunsa ngati nsombayo imakamidwanso mkaka. Iye anati: "Madala, iyi si ya m'ngalande, yabwera pa madzi oundana ngati mkwatibwi. Mukaisiya atenga a kuhotela." Ndinalipira. Nditatulutsa mpeni n'kudula nsonga ya mchira pomwepo, anati: "Mwagula yonse kuti muyambe kutaya? Bweretsani kansongako, ndili ndi mphaka." Ndinapita kumapeto kwa doko, kumene madzi ndi akuda ndi mafuta a injini, n'kuponya kansongako ndi kutchula dzina la Ganjdad chapansipansi. Chingwe chake sichinaigwire nsombayo, ndipo madzi amenewo sayenera dzina lake. Mulungu aone cholinga. Ndinaithira mchere n'kuiyanika padenga, ndipo Granaz, ndi kulemedwa kwake konse, wakhala akuingitsa akhwangwala.

Tsopano yankho limene ukudikira. Ayi. Mahganj sachoka m'nyumba ya mwamuna wake chifukwa cha njala imene yaphikidwa m'nyumba ya mlamu wake. Ayambe wadya nyengo yonse, ana abwerere m'thupi. Pambuyo pake akafuna kupita kwawo anene yekha ali wokhuta, ndipo ndidzamuperekeza ndine, mwaulemu. Mlongo wake umuuze kuti mkulu wa nyumba wakana, ndipo adzayankhula naye maso ndi maso. Lashkari ali ndi manja awiri. Miyala ndi dothi ku Shalkor sizigulidwa. Amange.

Ndikubwera. Dilmurad akamadzabwerera kumudzi ulendo wotsatira, Idi isanafike, ndidzakhala pambali pake. Chingwe cha Ganjdad ndidzaponya ndine kufikira mphepo itatha, ndipo Mulungu akandisunga ndidzateronso chaka chamawa. Malo anga a pathanthwe, amene ndinakubwereka pochoka ndipo ndamva kuti amaimapo Lashkari, awasiye.

Bijjar wakana mpaka kundikwezera mawu, chimene sanachitepo. Anati: "Bambo, masitepe a nyumba ino mumapumira pakati, ndiye thanthwe la ndere, mafunde akumenya? Mukufuna tidzakakutoleni pa mchenga wa kutali ku Ormara?" Ndinamuuza kuti ndidzaponya chikhalire, dotara siona ngati msodzi waima. Anati apite iyeyo m'malo mwanga. Ndinamufunsa kuti madzi akamadzadza funde limakwerera mbali iti ya thanthwe, ndipo munthu amathawira kuti. Sanadziwe. Ndinati akhale ndi mkazi wake, tisawonjezere mwala wina wofuna nsomba. Granaz wandigulira nsapato za mphira ndi mafuta opaka m'mawondo. Mwini maukonde kudoko wati malo anga sadzandidikira. Ndamuuza kuti ndamva.

Sindikudzinamiza. Mkono wanga suponya patali monga kale, kukumba nkhanu za nyambo kudzandithyola msana, ndipo mfundo ya mbedza ndidzaimanga ndi zala poti diso silithandiza. Masiku ena ndidzatsika chimanjamanja. Tsiku lotero mudzi udzadziwa kuti nyanja yakanadi, chifukwa ndidzadzera njira ya pakati pa nyumba, dengu lili losavundikira.

Pempho langa ndi limodzi. Phukusi lako ndalibweza ndi Dilmurad, lomangidwa monga linabwerera. Zathunthu ndi zako, chita nazo zimene ufuna, ine sindidya. Zodulidwa uzinyamule wekha, osatuma mwana, osatuma mkazi, ukazisiye pa mwala wa Mahganj. Ya kudoko ija ndaiikamonso, uike pamwamba, poti sinaume bwino ndipo ayenera kuyamba kuphika imeneyo. Pambali pake usiye chingwe cha Ganjdad, chokulungidwa pa thabwa lake lija lopserera kungodya, ndi mbedza zake ndi mtovu wake. Ndidzachitenga pamenepo. Nthawi usankhe wekha. Sindikukukakamiza kuti upite dzuwa lili paliwombo. Usagogode. Usapepese. Kupepesa n'kumusenzetsanso ntchito yokuyankha, ndipo wakusenzera zokwanira.

Imodzi ndasunga, yaikulu koposa. Ili pamsomali pamwamba pa mphasa yanga, ndipo ndibwera nayo. Ndikatsika lole ndidzayamba kuona mwala uja ndisanaone nkhope yako. Ndikapeza chingwecho, ndi amphaka atabwerera pakhomopo, nsombayi ndidzaiika pamwalapo mwakachetechete, ndipo amuna a pathanthwe adzangomva kuti nkhalamba yasowa nyanja n'kubwera kudzapumitsa mng'ono wake. Dilmurad walumbira kuti akhala chete, ndipo amandiopa kuposa m'mene amakondera kuyankhula. Ndikapeza mbuzi, nsombayi ndidzainyamula Lachisanu potuluka mumzikiti, ndidzaipereka kwa mulla yemwe uja anakutamanda, ndipo ndidzamupempha afunse anthu kuti mchira wotere unafika bwanji ku Karachi.

Akuluakulu anati mlandu suwola. Uwu unauthiranso mchere ndiwe.

Upereke moni kwa mlongo wathu Zarbanu ndi mwamuna wake. Umuuze andikonzere pogona, chifukwa kwako sindigona. Moni kwa Durbibi. Moni kwa Lashkari ndi kwa asewere ako. Pa ukwati ndidzakhalapo ngati mkwatibwi adzalowe m'nyumba imene mwamuna wake wamanga. Moni kwa ana a malemu bambo aang'ono a Miran, ndipo ukamadutsa pamanda a bambo awowo uimepo pang'ono, ngati miyendo ikulola. Bijjar ndi Granaz apereka moni kwa onse. Kwa mlamu Mahganj ndi ana usapereke moni wanga. Ndidzausiya ndekha pamwala.

Tsala ndi Mulungu, amene amaona njira zonse ziwiri za kuseri kwa zisakasa.

Ine,
Pirdad, mkulu wake wa Ganjdad